Dzanja Limene Silinamire

Anabwera Lachiwiri m'mawa, kumapeto kwa Ogasiti wa 1953, ine ndikukhoma ndowa pansi pa mtengo wa mango. Akuti anaodira kawiri. Sindinamve, chifukwa munthu wokhoma malata samva ngakhale kuitana kwa mkazi wake. Ndinangoona mapazi anayi ataima pafupi ndi sizasi yanga, ndipo nditadzutsa mutu ndinapeza amesenjala awiri a boma, wina ali ndi chingwe m'manja.

"Ndinu amene mumaliza chitsulo cha kutchalitchi kuja?" anafunsa wamkuluyo.

"Ndine, bambo."

"Siyani ndowayo. Tiyeni."

Ndinapempha kuti ndimalize kaye, poti mwini ndowa anali woti abwera masana. Wamng'onoyo anaseka. "Mwini wake aziyamba watungira mumtsuko," anatero, akundimanga dzanja lamanja. Mkazi wanga anatuluka m'nyumba ali ndi jekete langa. Sanalire ndipo sanafunse kanthu. Anangondiveka paphewa ngati ndikupita kumsika.

Sinditchula dzina la munthu aliyense m'nkhani ino, ngakhale la malo amene ananditsekera. Ambiri anamwalira, ndipo ana awo alibe mlandu. Mlandu umene ndikufuna kulemba ndi wanga.

Mpingo wathu unali waung'ono, chakumbali ya ku Mbombwe. Tchalitchi chinali chaudzu, chopanda mzungu ndiponso chopanda chikalata cha boma. Wotitsogolera anali bambo wina wachikulire, mlimi wa nandolo, wokhosomola chaka chonse. Tinkawatcha abusa ngakhale panalibe sukulu imene inawapatsa ubusawo. Belu tinalibe, choncho ndinapeza chidutswa cha njanji n'kuchipachika pamtengo wa mbawa. Lamulungu ndinkachiliza mofulumira. Kukagwa maliro ndinkachiliza kamodzikamodzi, kuti wolima kutali adziwe kuti aike khasu pansi.

Mwezi umenewo dziko linali litatentha. Anthu ankakana chitaganya, ankakana mizere imene alangizi ankakakamiza m'minda, ndipo ena ankagwetsa mitengo m'misewu kuti galimoto za boma zisadutse. Lachinayi la sabata yapitayo ndinaliza chitsulo chifukwa mayi wina wa mumpingo anamwalira pobereka. Tsiku lomwelo, anthu ena amene sindinawaone n'komwe anagwetsa mitengo pamsewu wa kumtunda. Wina anakauza boma kuti chitsulo changa ndicho chinawaitana.

Amesenjala ananditsogoza njira yowoloka Mombezi. Titafika pamtsinje ndinayang'ana kumbali, chifukwa padziwe limenelo panali chinsinsi changa.

Ndinabatizidwa pamenepo mu Okutobala wa 1949, chaka cha njala. Mtsinje unali utaphwa, patangotsala dziwe lofika m'mawondo. Chiphunzitso chathu chinali chakuti munthu amamizidwa yense, kuyambira tsitsi mpaka zikhadabo, chifukwa ubatizo ndi manda: chimene sichinaikidwe m'manda pamodzi ndi Ambuye sichidzauka nawo. Tinkawaseka a kumishoni kuti amangowaza timadzi ngati mayi wosita. Ine ndinali mmodzi wa oseka kwambiri.

Koma ine ndine mwana wa kuphiri, madzi ndimawaopa. Abusa anandikhazika pansi m'dziwemo n'kundipendeketsa chagada. Madzi atangondilowa m'mphuno, dzanja langa lamanja linatumphuka lokha n'kukagwira kolala ya malaya awo. Nditavuuka, anthu anali akuimba. Ndinayang'ana dzanjalo: linali louma, fumbi la m'njira likadali m'mizere ya chikhatho. Palibe ananenapo kanthu, ndipo inenso ndinatseka pakamwa. Zaka zinayi sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga. Koma ndikapsa mtima n'kumenya mwana, kapena ndikamata ndowa ya munthu ndi mtovu wochepa, ndinkaliyang'ana dzanjalo n'kumati, "Ndi limeneli. Silinafe." Usiku wa mgonero ndinkalandira mkate ndi lamanzere, anthu n'kumayesa kuti lamanjalo ladzicheka.

Ine ndi amesenjala aja tinafika kuboma dzuwa litapendeka. Lachitatu m'mawa anandilowetsa mu ofesi mmene munali tebulo, mzungu wachinyamata wa makutu ofiira, ndi womasulira. Womasulirayo ndiye anandidzidzimutsa. Anali munthu wathu, waulemu, wodziwa Baibulo kuposa ine.

"Achimwene, musaope," anatero. "Bwana akungofuna kudziwa. Kodi mkulu wanu uja analalikapo za fano la m'buku la Danieli, la mapazi adongo?"

"Analalika."

"Anati maufumu agwa?"

"Anati maufumu onse a pansi pano amatha."

"Onse ndiye kuti ndi uno womwe, eti?"

Womasulirayo analankhula ndi mzungu mawu ambiri kuposa amene ndinayankha. Kenako anafunsa amene anandituma kuliza chitsulo Lachinayi lija. Ndinati anandituma abusa, chifukwa cha maliro, ndipo manda alipo, angathe kukawaona. "Manda sakhala mboni," anatero womasulira. "Bwana akufuna munthu."

Za m'chipinda chakuseri sindilemba zambiri. Munali benchi, chikoti ndi ndowa ya madzi. Ndowayo inali yokhoma bwino, koma sinali yanga. Lachitatu ndi Lachinayi ndinapirira, ndipo ndinayamba kudzitama mumtima kuti kodi chizunzo chimene amanena chija n'chimenechi. Lachisanu msilikali wina anandithira madzi kumaso kuti nditsitsimuke, n'kuona mmene ndinaphiriphithira. Anayang'ana mnzake.

"Si awa a mpingo womiza aja?" anatero. "Bwerani kuno, abambo, tikubatizeni bwinobwino."

Ananena mawu onse a ubatizo, osaphonya ndi amodzi omwe, n'kundimiza mutu m'ndowa ija. Anachita zimenezi kangapo. Sindinawerenge.

Loweruka m'mawa womasulira anandiwerengera pepala. Linati abusa analalika kuti boma lino ligwa, ndiponso kuti anandilamula kuliza chitsulo kuti anthu akagwetse mitengo pamsewu. Mawu oyambawo anali choonadi chokhotetsedwa. Achiwiriwo anali bodza lenileni, ndipo tonse atatu m'chipindamo tinkadziwa. Dzina langa ndimatha kulemba, koma cholembera chinkagwa m'manja, choncho anabweretsa inki. Ndikufuna izi zimveke bwino: palibe anandigwira mkono. Ndinatambasula ndekha. Chala changa chachikulu chili ndi chipsera cha lata chimene chinandicheka ndikuphunzira ntchito, ndipo pachidindopo panatsala mzere woyera wodutsa pakati.

Akuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Changa chinaswa munthu.

Ndinaimirira kuti ndizipita kwathu, poti ndi mmene anandilonjezera. Womasulira anapukusa mutu. "Mboni timaisunga bwino, achimwene, kuopa ingasochere." Anandilowetsa m'chitokosi chachikulu mmene munali amuna oposa makumi awiri, ndowa imodzi yakumwa ndi ina ya zina.

Masiku oyambawo sindinkadya. Ndinkakhala pakona n'kumakhuta chala pasimenti kuti inki ichoke, mpaka khungu linasupuka. Mantha a chikoti anali atatha. Chimene chinkandizunza chinali ichi: tsopano ndinali ndi umboni. Zaka zinayi ndinkangokayika, koma apa nkhani inali poyera. Dzanja limene silinamire ndilo linagulitsa munthu wa Mulungu, ndipo ngati dzanja linali la Satana, ine mwini dzanja ndinali wa yani? Ndinayesa kupemphera, mawu n'kumangothera m'kamwa. Ndinazindikira kuti ndikafera m'chitokosi muno, ndifa ndili wotayika, ine amene ndinkaitanira anthu kutchalitchi.

Woyandikana naye pogona anali bambo wina wa ku Nguludi, Mkatolika, amene anamangidwa chifukwa chophwasula mizere m'munda mwake momwe. Anali wolongolola, ndipo sanandisiye mpaka ndinamuuza za dziwe lija. Za pepala sindinamuuze. Anaseka mpaka misozi.

"Achimwene, ine anandidontheza timadzi pamphumi ndili khanda, thupi lonse lili gwa, ndipo ndikuyembekeza kumwamba komweko. Inu mukulirira dzanja limodzi?"

Ndinakwiya, koma iye analeka kuseka. Anati naye ali ndi chake chimene chimamusowetsa tulo: atha zaka zitatu osalapa kwa ansembe chifukwa cha nkhani ina ya mkazi wa mwini, ndipo akafa asanalape sadziwa kumene akalowere. "Aliyense ali ndi pake pouma," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Sabata yachiwiri ya Sepitembala, Lolemba masana, chitseko chinatseguka ndipo anakankhiramo abusa.

Anali atavala malaya awo oyera a Lamulungu, chifukwa iwo ankati kwa akuluakulu sapitako ndi zolimira. Mlomo unali wotupa. Anaima pakhomo n'kupereka moni kwa chitokosi chonse ngati alowa pabwalo la milandu. Atandiona, nkhope yawo inawala.

"Mwanawe, uli muno? Nanga chitsulo akuliza ndani?"

Anadutsa pakati pa anthu n'kudzakhala pambali panga, ndipo kuyambira tsiku limenelo tinkafunda bulangete limodzi. Ine ndinkabisa dzanja langa m'khwapa. Akatituma kukaswa miyala ndinkaswa yanga ndi yawo yomwe, iwo n'kumandiyamika pamaso pa anthu kuti ali ndi mwana wabwino. Mawu amenewo ankandipweteka kuposa za m'chipinda chakuseri. Mlandu wawo unkangosunthidwa, lero ati bwana wapita ku Zomba, mawa ati mapepala sanakwane. Mwezi unatha. Kutentha kwa Okutobala kutafika, kamwazi analowa m'chitokosi, ndipo abusa anali m'gulu la oyamba kudwala.

Lamulungu lachitatu la mweziwo anatitulutsa pabwalo kuti tichape. Panali mgolo wa madzi pafupi ndi khoma. Abusa anakhala pamthunzi, atatsamira khomalo, mafupa okhaokha. Ndinaona kuti ndikachedwa apita nazo. Ndinagwada patsogolo pawo.

"Abusa, mundibatizenso. Mgolo uwu ukwana."

"Woyamba uja unatani?"

Ndinawauza za dzanja. Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka, koma anangopinda kolala ya malaya awo n'kundionetsa. Panali msoko wa ulusi wakuda, wautali ngati chala.

"Taona apa. Unang'amba ndiwe. Amayi ako, mkazi wanga, anasoka madzulo omwewo, akundinena kuti ndimabatiza anthu ngati ndikulimbana ndi ng'ombe."

"Ndiye munadziwa?"

"Ndinali pomwepo, mwanawe."

"Basi ndiye kuti sindinapulumuke," ndinatero. "Chifukwa dzanja lomweli, abusa, dzanja lomweli ndi limene..."

"Pepala lija?" anatero iwo. "Anandionetsa tsiku lomwe anandigwira. Chingerezi sindiwerenga, koma chipsera chako ndimachidziwa. Si ndinakumanga ndine ndi sanza tsiku unadzicheka?"

Bwalo lonse linazungulira. Masabata asanu bambo ameneyu ankagona pambali panga, kundifunditsa mbali yaikulu ya bulangete, kunditcha mwana wabwino, akudziwa. Ndinafuna kuti nthaka ing'ambike. Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere.

"Ndimadikira kuti unene wekha. Mlandu suola." Anakhosomola nthawi yaitali. "Usadzinamize, wandilakwira. Zimene anandichita asilikali ndaiwala kale, koma mzere woyera uja ndimauona ndikangotsinzina. Ndinalira, ine nkhalamba. Ndinakukwiyira sabata yathunthu uli pambali panga pomwepa, iwe osadziwa."

"Ndiye ndimizeni, abusa, chonde."

"Iyayi. Madzi akanakhala opulumutsa, bwenzi achule ali kale kumwamba. Ngati ndinakuphunzitsani mokhala ngati chipulumutso chili m'dziwe, ndinalakwitsa ndine, ndipo ndikayankha. Ndabatiza anthu ambiri, mwanawe. Wina amagwira mkono, wina ndevu, wina anandigwetsera m'madzi momwemo. Munthu womira amagwira chimene chili pafupi. Petulo uja pomira anafuula, Ambuye n'kumugwira dzanja. Pambuyo pake anawakana katatu. Unamvapo kuti anamubwezera kunyanja kuti akamire bwino?"

"Nanga ndidziwa bwanji kuti ndine wawo?"

"Wosakhala wawo sasupula chala pasimenti. Chilondacho ndinachiona." Anatseka maso. "Koma usaganize kuti zathera pamisozi. Mawa upite kwa bwana ukanene kuti pepala lija ndi labodza. Sanditulutsa, ndikudziwa, koma ukanene. Chachiwiri, ndikafa muno usalole andikwirire ngati galu. Undisambitse iweyo, ndipo malaya awa ukapereke kwa amayi ako."

Lolemba ndinapempha kuonana ndi bwana. Ndinanena mawu anga pamaso pa womasulira yemwe uja. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanamasulire, ndipo ulendo uno mawu ake anali ofanana kutalika ndi anga. Mzungu anafiira nkhope yonse. Pepala sanaling'ambe, analibwezera m'kabati. Ine anandipititsanso kuchipinda chakuseri, ndipo pambuyo pake anandigamula miyezi isanu ndi umodzi chifukwa chonamiza boma. Sananene kuti bodza lake ndi liti, loyamba kapena lachiwiri.

Abusa anamwalira Lachinayi m'mawa, mlandu wawo usanazengedwe. Kapitawo wa ndende anati madzi ndi ochepa, koma Mkatolika uja anamuumirira mpaka anatipatsa ndowa imodzi. Tinawasambitsa awiri kuseri kwa chitokosi, iye akunena mapemphero a kwawo. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Anawaika kumanda a akaidi atawakulunga m'bulangete lathu lija, ndipo sanatilole kuimba. Malaya ndinawapinda n'kuwabisa m'kati mwa jekete langa.

Ananditulutsa mu Epulo wa 1954, Lachisanu. Pachipata msilikali uja wa ubatizo anandipatsa moni ngati mnzake wakale. "Muzikapemphera bwino, abambo," anatero. Ndikuganiza kuti sankanyoza. Anali ataiwala.

Ndinayenda wapansi. Chimanga chinali chitauma m'minda, ana akuweta mbuzi, amayi akuchokera kuchigayo, dziko lonse likuyenda ngati palibe chinachitika. Zimenezi zinandidabwitsa kuposa ndende. Ndinkayesa kuti ufulu ndi chinthu chimene munthu amachimva m'thupi, koma ine ndinkangomva njala ndi matuza kumapazi.

Nditafika pa Mombezi ndinapeza mtsinje uli wodzaza, poti mvula inachedwa kusiya chaka chimenecho. Panalibe munthu woti andiwolotse. Ndinavula, ndinamanga zovala zanga kumutu, koma malaya a abusa ndinaopa kuti angagwe, choncho ndinawanyamula m'manja. Ndinalowa. Madzi anafika m'chiuno, kenako pachifuwa. Pakati pa dziwe lija phazi linaterera pamwala ndipo ndinamira yense, madzi m'mphuno, mdima m'maso, ngati m'ndowa muja. Sindikudziwa mmene ndinapondera pansi. Nditavuuka n'kukwawira kutsidya, ndinaona kuti chilichonse chanyowa, kupatula chinthu chimodzi. Dzanja langa lamanja linali m'mwamba, louma, litagwira kolala ya malaya aja pamsoko wakuda pomwe.

Ndinakhala pamchenga n'kuseka ngati wamisala, kenako ndinalira kulira kumene sindinalire m'miyezi isanu ndi itatu.

Sindinayambire kwathu. Ndinapita kwa amayi, mkazi wa abusa, ndipo ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde. Ndinagwada, ndinapereka malaya, ndinanena zonse, za pepala ndi za chala. Anamvetsera osandiyang'ana. Anatambasula malayawo pamwendo n'kusisita msoko wawo uja. Sananene kuti andikhululukira, ndipo sanandipatse madzi akumwa. Panapita zaka ziwiri asanandiyankhe moni.

Tsiku limene ndinapereka malayawo anangoti, "Mwamuna wanga ankakulizitsa chitsulo pamaliro a anthu onse a m'mudzi muno. Ake sanalizidwe. Chitsulo chako a boma anachotsa."

"Ndamva, amayi."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Lero ndine nkhalamba, ndipo achinyamata a mumpingo amabwera kwa ine mwakachetechete kudzafunsa ngati analidi opulumuka, poti wina anabwerera ku mowa, wina sanamve kalikonse tsiku la ubatizo wake. Sindiwapatsa yankho lalitali. Ndimawaonetsa chala changa n'kuwauza nkhani ino, kuti inenso masiku ena ndimadzuka ndikukayika, ndipo ndimapempherabe ndili wokayika choncho. Chipata cha ndende chinanditulutsa Lachisanu lija, koma sindinganene kuti ndinamasuka pachipatapo.

Tsiku lija ndinachoka pakhonde la amayi n'kukatenga khasu lakutha kuseri kwa nkhokwe yawo. Ndinaligulula mpini, ndinalipachika pamtengo wa mbawa pamene pankakhala njanji, ndinatola mwala. Ndinkadziwa kuti kulira kwake kukafika kwa yemwe uja anakandinenera kuboma poyamba, ndiponso kuti amesenjala njira akuidziwa. Ndinayang'ana manja anga awiri, ndinasankha lamanja, ndipo ndinayamba kuliza kamodzikamodzi, mpaka ndinaona anthu kumunda akuika makasu pansi.